Gule wa Makina: Masiku Amene Kawale ndi Biwi Ankachezera Nyimbo za ku Joni

 Nkhani yathu lero ndi ya gule, ndipo amene tsitsi layamba kuchita mbuu asendere pafupi ndi wailesi, pakuti ikuwakhudza.

Pa ukwati uliwonse wa mu Lilongwe pamafika mphindi imene perekaniperekani amayamba kuzilala. Achinyamata avina amapiano mpaka thukuta kamukamu, koma m'matumba mwawo mulibe kanthu, ndipo lichero likuyenda lopepuka. Apa DJ wochenjera safunsa munthu. Amangoponya nyimbo ya Splash kapena ya Yvonne Chaka Chaka. Nthawi yomweyo mipando yakutsogolo, kumene kwakhala azakhali, amalume ndi akuluampingo, imayamba kusuntha. Mayi amene chifikireni wakhala akudandaula za bondo amamanga chitenje m'chiuno. Bambo wa suti, amene ana ake amayesa kuti sanavinepo chibadwire, amapatsira mdzukulu jekete n'kulowa m'bwalo chammbali, phewa limodzi lili pansi. Ndalama zimayamba kugwa. Nyimbo ikatha, mfuu imakhala imodzi: "Achimwene, ibwerezeni imeneyo!"

Ana amaseka, ena amajambula pafoni. Chimene sachidziwa n'chakuti zaka 35 kapena 40 zapitazo, anthu omwewa ndiwo ankatseka mabala a mumzinda uno tambala atalira. Nyimbo zimene zimawadzutsa pampandozi si za gitala wa m'mudzi, si za ng'oma ya chikopa. Ndi nyimbo za makina: kiyibodi, ng'oma ya magetsi, ndi besi wotuluka pa zala za munthu mmodzi atakhala pampando m'situdiyo ya ku Johannesburg.

(NYIMBO PANG'ONO)

Tiyambe ndi makinawo. M'chaka cha 1977 kunatuluka nyimbo ya "I Feel Love", imene Giorgio Moroder anajambula ndi Donna Summer ku Munich m'dziko la Germany, ndipo pafupifupi zoimbira zake zonse zinatuluka m'makina otchedwa synthesizer. Oimba a m'maiko ambiri anaona kuti anthu angathe kuvina usiku wonse popanda bandi ya anthu khumi. M'chaka cha 1980 kampani ya Roland ya ku Japan inatulutsa kabokosi koimba ng'oma kotchedwa TR-808, ndipo mu 1983 kampani ya Yamaha inatulutsa kiyibodi ya DX7, yotha kulira ngati belu, ngati limba, ngati lipenga. Chaka chomwecho makampani anagwirizana njira yoti makina osiyanasiyana azilumikizidwa ndi chingwe n'kumaimbira pamodzi. Ku Britain magulu ngati Human League, Depeche Mode ndi New Order anakwera nazo pamwamba, ndipo ku Germany kunabuka Modern Talking.

Zina mwa nyimbo za Azunguzi zinkamveka pa MBC komanso m'madisiko a m'mahotela. Koma ku Kawale ndi ku Biwi makinawa sanafike kuchokera ku London. Anadzera ku Joni, ndipo pofika kuno anali ataphunzira kale kuyenda kwa munthu wakuda.

Chaka cha 1983, mtsikana wa ku Langa mumzinda wa Cape Town, Brenda Fassie, anatulutsa "Weekend Special" ndi gulu la Big Dudes, ndipo chitseko chinatseguka. Posakhalitsa kunabwera Yvonne Chaka Chaka wa ku Dobsonville ku Soweto, kenako Sello Twala, amene aliyense amamudziwa ndi dzina loti Chicco, katswiri wopeka ndi kujambula nyimbo zake komanso za anzake. M'chaka cha 1986 gulu la Splash, lotsogoleredwa ndi Dan Tshanda, linatulutsa chimbale cha "Peacock", ndipo m'manja mwa Tshanda yemweyo munatuluka Patricia Majalisa, Dalom Kids ndi Matshikos. Kunalinso Pat Shange, kunali Paul Ndlovu ndi Peta Teanet ndi disiko yawo ya Chishangani, imene Penny Penny anadzaipititsa patali mu 1994. Ngakhale Malawi analimo: Ray Phiri wa gulu la Stimela, amene analangiza anyamata a Tshanda kuti atenge dzina loti Splash, analeredwa ndi bambo wochokera kuno kwathu.

Akatswiri a jazi ndi olemba nyuzi a ku South Africa ankazinyoza nyimbozi. Anazitcha bubblegum, kunena kuti n'zotsekemera kwa kamphindi chabe ndipo mawa ziiwalika. Zaka 40 zadutsa, ndipo zikudzutsabe agogo pampando.

Chinsinsi chake chinali chosavuta. Ng'oma ya makina inkagunda mosaphonya, mosatopa, mosafulumira kwambiri, kotero kuti ngakhale munthu wa miyendo yolemera ankapeza poponda. Besi inkazungulira pa mizere itatu kapena inayi yokha, monga zinkachitikira m'nyimbo za marabi ndi simanjemanje zimene makolo anavina kale. Pamwamba pake, mmodzi ankatsogolera ndipo atsikana ankavomera. Mmalawi aliyense amene anakulira pa chimtali, pa chioda kapena m'kwaya ya mpingo ankadziwa pomwepo poyenera kulowa, ngakhale mawuwo anali a Chizulu, Chivenda kapena Chishangani. Mawu osamvekawo anthu ankangowapinda kuti afanane ndi Chichewa, n'kumaimba ndi mtima wonse zinthu zimene mwini nyimbo sanaziganizepo.

Nanga n'chifukwa chiyani nyimbo za ku Joni zinadzaza dziko lino chotere? Njira inali yolambulidwa kale. Kwa zaka zambiri amuna a kuno ankapita kumigodi kudzera pa Wenela. Ulendowu unaima m'chaka cha 1974, ndege itagwa ku Francistown m'dziko la Botswana n'kupha Amalawi oposa 70 amene ankabwerera kumudzi, koma unayambiranso mu 1977 pansi pa Theba mpaka 1988. Munthu wobwera ku Theba ankadziwika ndi katundu wake: njinga, bulangete lolemera, ndi gumbagumba. Chinanso, Malawi anali ndi ubale wa ukazembe ndi boma la tsankho la South Africa kuyambira 1967, pamene maiko ena a Africa analitembenukira msana, choncho katundu wa kumeneko ankalowa mosavuta. Wailesi ya Radio RSA inkaulutsa m'Chichewa kuchokera ku Johannesburg. Ndipo nkhondo ya ku Mozambique itadula njanji za ku Beira ndi Nacala, katundu wa dziko lino anayamba kuyenda pamsewu, magalimoto akuluakulu akudzera ku Tete kapena kuzungulira ku Zambia n'kulowera ku Mchinji. M'galimoto iliyonse munali dalaivala, ndipo pambali pa dalaivala panali makaseti.

Koma njira yokha siikwanira kufotokoza chikondi. Kuti munthu amvetse chifukwa chimene nyimbozi zinagwirira mtima wa Lilongwe, ayenera kukumbukira kuti Lilongwe wa nthawi imeneyo anali mzinda wa alendo okhaokha.

Likulu la dziko linasamuka ku Zomba kubwera kuno m'chaka cha 1975. Kalembera wa 1966 anapeza anthu osakwana 20,000 m'tauni ino. Pofika 1977 anali pafupifupi 100,000, mu 1987 anaposa 220,000, ndipo mu 1998 anafika 440,000. Anthu onsewa sanabadwire kuno. Anachokera ku Karonga, ku Nsanje, ku Mangochi, ku Mulanje, ku Ntcheu, ku Nkhata Bay. Akalaliki ndi amesenjala a ku Capital Hill, alonda, amakaniko, anamwino, osoka, ogulitsa mumsika, onse ankafuna pogona. Ena anapeza nyumba ku Kawale, ku Biwi ndi ku Mchesi, madera akale oyandikana ndi Old Town. Ena anapatsidwa mapuloti ku Area 23 ndi ku Area 25 n'kudzimangira okha. Osowa puloti anakapempha malo kwa mafumu kwa Chinsapo, ndipo ofuna ganyu m'makampani a fodya ku Kanengo anaunjikana kwa Mgona.

Aliyense anabwera ndi gule wa kwawo mumtima. Mtumbuka anali ndi vimbuza, Myao manganje, Mlomwe tchopa, Mtonga malipenga ndi chilimika, Mngoni ingoma, Mchewa gule wamkulu. Koma magule amenewa amafuna anthu akwanu, ng'oma zakwanu ndi bwalo lakwanu. Komanso masiku amenewo magule a makolo anali atalembedwa ntchito ina. Ankavinidwa pa misonkhano ya chipani, mawu ake atasinthidwa kuti atamande Ngwazi, ndipo amayi a mbumba ankatengedwa pa malole kukayeserera masiku angapo, kaya afune kaya asafune. Gule wa m'botolo sitolo anali wosiyana. Panalibe tcheyamani woitanira anthu, panalibe yunifolomu, panalibe wofunsa kuti kwanu n'kuti. Nyimbo ya Brenda sinali ya mtundu uliwonse wa m'Malawi, n'chifukwa chake inakhala ya onse. Mnyamata wa ku Rumphi ndi mtsikana wa ku Thyolo ankayamba kuphunzira sitepe yake tsiku limodzi, ndipo mabanja ambiri a mumzinda uno anayambira pamenepo.

(NYIMBO PANG'ONO)

Tsono tiyeni tilowe m'Lachisanu la kumapeto kwa mwezi, cha m'ma 1988.

Kukonzekera kunkayamba dzuwa likadalipo. Nyumba zambiri za m'madera amenewa zinalibe magetsi, choncho simbi ya makala inkayenda khomo ndi khomo. Malaya a visikozi ankafuna dzanja losamala, pakuti khala limodzi likagwera, ulendo wathera pomwepo. Atsikana ankakhala atapita kale kokaika pemu, anyamata akupukuta nsapato za ku Bata mpaka kudziona nkhope. Ndipo chilichonse chovala chinkayenera kudutsa pa muyeso wa boma. Lamulo la kavalidwe la 1973 linkaletsa amayi kuvala thalauzi kapena siketi yosafika pansi pa mawondo, ndipo amuna sankaloledwa kusunga tsitsi lalitali kapena kuvala thalauzi la belu. Choncho mtsikana wa ku Area 23 ankaona chithunzi cha Brenda pa chikuto cha kaseti atavala zimene iye akanamangidwa nazo, n'kupita kukavina nyimbo yomweyo atavala diresi lofika m'akakolo. Lamulolo linachotsedwa mu 1993.

Kovinira kunali kwa magulumagulu, malinga ndi thumba. A ndalama zawo ankalowera kumahotela, ku Lilongwe Hotel kapena ku Capital Hotel, kumene kunali magetsi amitundumitundu ozungulira padenga. Ambiri ankathera m'mabotolo sitolo a m'dera lawo, pa Biwi Triangle, mu Devil Street ku Old Town, ndipo m'zaka zotsatira ku Bwandilo ku Area 47. Kumeneko kunali Green ndi Brown wa kampani ya Carlsberg, imene inatsegula fakitale ku Blantyre mu 1968, yoyamba kunja kwa dziko la Denmark. Wa thumba lopyapyala ankalowa m'thaveni kukagwedeza paketi ya Chibuku, ndipo wotsikirapo ankakhala pa benchi m'shabini kuseri kwa nyumba, kumene gumbagumba inkalira ndi batire ya galimoto. Zakumwa zinali zosiyana, mipando inali yosiyana, koma nyimbo inali imodzimodzi kuchokera ku hotela mpaka kwa mayi wogulitsa kachasu.

Nyengo ya fodya zinthu zinkafika pena. Okushoni ikatsegulidwa ku Kanengo cha m'mwezi wa Epulo, alimi a ku Kasungu, ku Dowa ndi ku Mchinji ankafika ndi ndalama za chaka chonse, aganyu a kwa Mgona ndi ku Area 25 ankalandira mlungu ndi mlungu, ndipo mabala a mbali imeneyo sankazima nyale.

Ana asukulu nawo sankatsalira. Disiko ya pasukulu ya sekondale inkachitika m'holo yodyera, matebulo atakankhidwira kukhoma, aphunzitsi ataima pakhomo ndi tochi. Ambiri mwa amene lero ndi maloya, abusa ndi aphunzitsi aakulu anaphunzirira sitepe m'maholo oterowo.

Kavinidwe kake sikanali kothyola msana. Mapazi ankatsetsereka pansi, mapewa akuyankha besi, manja ali m'mwamba pang'ono. Odziwa ankatsegula bwalo n'kuonetsa luso la phazi la mapantsula, osadziwa ankangogwedezeka pamalo amodzi, ndipo panalibe wowaseka, poti gule ndi wa aliyense, kulakwa n'kuthyola mwendo.

Vuto linali pobwerera. Amene anajambula mapu a Lilongwe anamwaza madera motalikirana, pakati pake pali tchire ndi minda ya chimanga. Mabasi a UTM, amene mu 1989 anasanduka a Stagecoach, sankayenda pakati pa usiku. Munthu wa ku Area 25 amene wavinira ku Old Town anali ndi mtunda wa makilomita oposa khumi. M'njira munali achifwamba, munali afisi enieni a m'madambo a Lingadzi, ndiponso munali apolisi ogwira vakabu, lamulo la atsamunda limene linkalola kumanga munthu chifukwa chongopezeka panja usiku, mpaka khothi lalikulu linathetsa gawo lakelo mu 2017. M'mawa mwake pa depoti kapena pachipata cha msika pankathanso kuima achinyamata a chipani otchedwa achiswe, ofuna khadi la chipani. Nzeru inali imodzi: kuvina mpaka kuche. Anthu amene lero amanyadira kuti ankachezera gule usiku wonse amaiwala kunena kuti nthawi zina n'chifukwa choti kunalibe basi.

Pakati pa mlungu, nyimbozi zinkakhala ndi moyo m'makaseti. MBC inali wailesi yokhayo m'dziko muno kuyambira 1964, Radio 2 inabwera mu 1997, ndipo wailesi yakanema inayamba mu 1999. Wofuna kumva nyimbo imene akuikonda ankayenera kudikira mwayi wake pa mapologalamu opatsana moni monga Zokonda Amayi, kapena kukhala ndi kaseti yakeyake. Wokhala ndi wailesi ya zitseko ziwiri, yotha kukopera kaseti ina kupita ku inzake, anali mfumu ya mdadada wonse. Kaseti imodzi yobwera ndi dalaivala inkabala ana makumi angapo, ndipo mdzukulu wake wachisanu ankamveka ngati oimbawo ali pansi pa madzi, koma anthu ankavinabe.

Panali luso lonse losamalira chumachi. Kubweza tepi ndi wailesi kunali kuwononga mabatire, choncho cholembera cha Bic chinkalowa m'bowo n'kumazungulira m'mwamba. Mabatire otopa ankayanikidwa padzuwa kuti atsitsimuke. Wailesi ikatafuna tepi, dokotala wake anali lezala ndi kadontho ka kyutekisi. Ndipo amene ankafuna kuona nkhope za oimbawo ankalipira kandalama kochepa n'kulowa m'kanyumba ka vidiyo, kumene nyimbo zinkaonetsedwa filimu ya karate isanayambe.

Boma linali ndi makutu aatali. Bungwe lounika mabuku, mafilimu ndi nyimbo linakhazikitsidwa ndi lamulo la 1968, ndipo nyimbo ya Simon ndi Garfunkel yotchedwa "Cecilia" inaletsedwa chifukwa chofanana dzina ndi Mama Kadzamira. Koma nyimbo za ku Joni zinkadutsa, poti zinkaoneka za chikondi ndi mowa basi. Si zonse zinali choncho. Mu 1987 Chicco anatulutsa "We Miss You Manelow", nyimbo yomveka ngati ikulira mtsikana wosowa, pamene aliyense ku Soweto ankadziwa kuti ikunena Nelson Mandela amene anali m'ndende. Inavinidwa ku Kawale m'dziko limene linali pa ubale ndi omwe anamutsekerawo, komanso limene linali ndi akaidi akeake a ndale ku Mikuyu.

(NYIMBO PANG'ONO)

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 bwalo linadzaza ndi alendo ena. Kwasakwasa ya Kanda Bongo Man ndi Pepe Kalle inabwera ndi magitala ake n'kutsitsira gule m'chiuno. Ku Zimbabwe kunkachokera John Chibadura ndi Leonard Dembo. Lucky Dube anabweretsa rege yodzaza ndi kiyibodi. Kuchokera ku Ulaya kunabwera nyimbo za makina zothamanga kwambiri, za Snap, Technotronic ndi Dr Alban, Mnaijeriya amene anaphunzira udokotala wa mano ku Sweden. Kenako kalata ya mabishopu ya Malichi 1992, riferendamu ya pa 14 Juni 1993 ndi chisankho cha pa 17 Meyi 1994 zinasintha dziko, ndipo atsikana analowa m'bwalo atavala majini.

Apa m'pamene zinaonekera kuti makina aja sanangodutsa. Kale woimba wa kuno wofuna kujambula ankadalira situdiyo ya MBC, ndipo kukhala ndi bandi yathunthu, monga Kalimba kapena Makasu, kunkafuna zida zodula zimene ambiri sakanazikwanitsa. Kiyibodi yokhala ndi ng'oma zake m'kati inachotsa chipikacho. Ku Balaka, kumene bandi ya Alleluya inayambira mu 1978 pa parishi ya Katolika, Paul Banda anatsegula situdiyo imene inajambula oimba ambirimbiri. Mng'ono wake Lucius Banda anakajambula chimbale chake choyamba, "Son of a Poor Man", ku South Africa komweko, ndipo chinatuluka mu 1994. Pambuyo pake panabwera Billy Kaunda, Mlaka Maliro, Charles Nsaku, Coss Chiwalo ndi ena. Kagundidwe kake kanali ka rege, uthenga wake unali wa Chichewa chomveka, wonena za umphawi, imfa ndi ndale, koma mvetserani bwino kiyibodi ndi ng'oma yake: ndi zida zomwe zija zimene makutu a Amalawi anazolowera pa Splash. Makaseti ake ankagulitsidwa kudzera kwa O.G. Issa n'kufika m'misika yonse, ndipo kwa nthawi yoyamba mabala a ku Biwi ankatha usiku wonse akuliza nyimbo za kuno kwathu. Makwaya ndi oimba nyimbo zauzimu anatengera njira yomweyo, ndipo mpaka lero mpingo wosauka kwambiri kwa Chinsapo umayamba wagula kiyibodi usanagule mabenchi.

Komabe pali mbali ina imene anthu a m'badwo umenewo amaitchula motsitsa mawu. Munthu woyamba kupezeka ndi Edzi m'Malawi anadziwika mu 1985, nthawi yomweyo imene nyimbozi zinkayamba kugwira moto. Boma la nthawiyo silinkafuna kuti nkhaniyi ikambidwe poyera. Makondomu a Chishango anafika m'magolosale mu 1994, ndipo mankhwala aulere otalikitsa moyo anayamba kuperekedwa mu 2004. Pakati pa zaka zimenezi matendawa anakolola m'mabwalo a gule omwewo, ndipo anatenga ambiri mwa amene anali ndi ntchito, ndalama ndi mphamvu zoyendera usiku. Mu Lilongwe munabuka malo okhomera mabokosi a maliro m'mbali mwa misewu. Munthu wa zaka 55 kapena 60 akamva nyimbo ya Patricia Majalisa n'kukhala chete pakati pa chisangalalo, nthawi zambiri amakhala akuwerenga anzake amene ankavina nawo, ndipo owerengedwawo amachuluka kuposa otsala.

Palinso amayi amene masiku amenewo sawakumbukira ndi chimwemwe. Kwa iwo Lachisanu la malipiro linali tsiku limene bambo sankabwera kunyumba, ndipo Lolemba kunalibe ndalama ya ufa. Mtsikana wopezeka m'bala ankapatsidwa dzina loipa ngakhale atangopita kukavina, pamene mchimwene wake ankatchedwa wotsogola. Akatswiri a za maganizo amati munthu amasunga bwino kwambiri zimene anaona ndi kumva ali pakati pa zaka 10 ndi 30, ndipo nyimbo za nthawi imeneyo zimamatirira kuposa zina zonse. Mtima umasunga besi ndi nkhope ya wokondedwa, n'kutaya khadi la chipani, ngongole ya kwa katapila ndi usiku wogona m'chitokosi cha polisi.

Eni ake nyimbozi ambiri anatsogola. Brenda Fassie anamwalira mu Meyi 2004, Ray Phiri mu 2017, Dan Tshanda mu Januwale 2019, Patricia Majalisa mu 2020, ndipo Lucius Banda mu Juni 2024. Yvonne Chaka Chaka anasanduka kazembe wolimbana ndi malungo, mmodzi wa oimba a m'gulu lake atamwalira ndi matendawa mu 2004. Koma nyimbo zimene zinkanyozedwa zija zapeza moyo wachiwiri kumene palibe ankayembekeza. Mu 2013 kampani ya ku America ya Awesome Tapes From Africa inatulutsanso chimbale cha Penny Penny cha 1994, ndipo mu 2018 kampani ya Soundway ya ku Britain inasonkhanitsa nyimbo za bubblegum m'chimbale chotchedwa "Gumba Fire". Achinyamata a ku London ndi ku Berlin akuvina zimene Biwi anavina kale. Ndipo amapiano amene adzukulu akuvina lero ndi mbewu yomweyo: bubblegum inabala kwaito cha m'ma 1990, kwaito inasakanikirana ndi house, ndipo m'menemo munatuluka amapiano. Chida chasintha, tsopano ndi laputopu m'kachipinda ka ku Area 25, koma ntchito ndi yomwe ija ya munthu mmodzi woimba bandi yonse ndi zala zake.

Nyimbo za ku Joni zili pabwino, zasungidwa, ndipo mnyamata aliyense wolowetsa nyimbo m'mafoni pamsika wa Nsungwi kapena wa Kawale angakudzazireni fulashi yonse m'mphindi zochepa. Zimene zili pangozi ndi zathu. Matepi akale a MBC anayamba kusamutsidwira pa kompyuta ndi thandizo la dziko la Norway, koma makaseti ambiri a oimba a m'ma 1990, ojambulidwa m'masitudiyo ang'onoang'ono amene anatsekedwa kalekale, ali m'makatoni pansi pa mabedi, akudyedwa ndi chinyezi. Mabala ambiri a nthawi ija anasanduka mashopu, ena matchalitchi, ndipo mbiri ya usiku wa Lilongwe ili m'mitu ya anthu amene tsopano akupuma pantchito.

Choncho amene muli ndi makaseti otere, kapena zithunzi za disiko ya kusukulu, kapena mukukumbukira bala imene inkaliza gumbagumba mwamphamvu kuposa zonse m'dera lanu, tilembereni kapena tiimbireni foni, ndipo tidzawerenga mauthenga anu m'pologalamu yotsatira. Pakali pano, azakhali ndi amalume, sunthani tebulo. Tikutsazikana ndi Splash.

(NYIMBO)